"Borrow me": mlandu wa mneni mmodzi ndi mperekezi wake

Ngati pali chiganizo cha Chingerezi chimene chatha inki yofiira ya aphunzitsi m'dziko muno, ndiye ndi ichi: "Borrow me your pen." Mudzachimva m'kalasi ku Nsanje, mudzachimva ku Chitipa, mudzachimva m'maofesi a anthu a mataye ku Capital Hill, ndipo mukawoloka malire pa Mwami n'kulowa mu Chipata mudzachipeza chikuyenda bwinobwino pamsika. Aphunzitsi amachizula chaka ndi chaka, koma chimangophuka ngati kaufiti m'munda wa chimanga. Tsono udzu ukamamera malo amodzimodzi zaka zonsezi, mlimi amafika posiya kutukwana udzuwo n'kuyamba kufunsa za nthaka.

Pa nkhaniyi pali magulu awiri, ndipo onse sandikhutiritsa. Loyamba ndi la akuluakulu aja amene akangomva "borrow me" amagwira pakamwa n'kuyamba kulira maliro a maphunziro. Ati ana a masiku ano ndi aulesi, ati sawerenga mabuku, ati zonsezi zinayamba mu 1994 pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ana n'kudzadza m'makalasi mpaka pansi pa mitengo, boma n'kulemba mwachangu aphunzitsi amene sanapite kukoleji. Zoti 1994 inasokoneza zambiri ndi zoona. Koma tamvetserani bwino madala amene anaphunzira nthawi ya Kamuzu akamacheza pamaliro kapena pabawo, mudzamva "borrow me" yemweyo akutuluka m'kamwa mwawo. Gulu lachiwiri ndi la anzathu ophunzira a m'tauni amene amati, "Asa, zisiyeni, chimenecho ndi Chingerezi cha Chimalawi, bola tamvana." Awa amamveka okoma mtima, koma kukoma mtima kwawo salipira ndi iwo. Amalipira ndi mwana wa ku Mkanda kapena ku Kapiri amene akalembe mayeso a MSCE.

Tiyeni tiyambe tanena lamulo lake mosapita m'mbali, poti ena amangolidziwa ndi chikwapu chokha. M'Chingerezi chimene amachonga a MANEB, "borrow" ndi ntchito ya wolandira, "lend" ndi ntchito ya wopereka. Mneni aliyense ali ndi mperekezi wake. "Borrow" amayenda ndi "from", "lend" amayenda ndi "to". Wolandira khasu anena kuti, "I borrowed a hoe from my uncle." Akafuna kuyambira kwa mwini khasu anena kuti, "My uncle lent a hoe to me," kapenanso mwachidule, "My uncle lent me a hoe." Onani apa: "lend" akhoza kutaya "to" wakeyo n'kuika munthu pafupi naye penipeni, koma "borrow" sangataye "from". Nchifukwa chake wofuna cholembera ali ndi njira ziwiri zokha zoyenera, "Lend me your pen" kapena "May I borrow your pen?" Ndipo zikachitika dzulo timati "lent", osati "lended".

Nanga Mngelezi akamva "borrow me a pen" amamva chiyani? Akayesetsa kwambiri kukumvetsa, aganiza kuti wamutuma kuti akapemphe cholembera kwa munthu wina m'malo mwako, monga momwe "buy me a pen" amatanthauzira kuti ndigulireni. M'Chichewa tikanati "kandibwerekereni". Koma ukawonjezera "your" zonse zimagwa, chifukwa munthu sangapite kukabwereka cholembera chake chomwe kwa iye mwini.

Limenelo ndiye lamulo, ndipo silovuta. Funso ndi lakuti, chinthu chosavuta chotere chikutikanika bwanji mtundu wonse? Yankho lili m'kamwa mwathu momwemu. Tamvani ziganizo ziwiri izi: "Ndinabwereka khasu kwa amalume." "Amalume anandibwereka khasu." Mneni ndi mmodzi, kubwereka, koma m'chiganizo choyamba wochita ntchitoyo ndi wolandira, m'chachiwiri ndi wopereka. Palibe Mchewa amene angasokonezeke. Tili nayenso "kubwereketsa", inde, koma ndani amaima pakhomo pa mnzake n'kunena kuti "ndibwereketseni khasu"? Timati "mundibwerekeko khasu", basi. Ndipo mukalemba papepala mawu akuti "ndibwereke khasu", akhoza kutanthauza kuti ine nditenge, akhozanso kutanthauza kuti iwe undipatse. Mayi wa pakhomo loyandikana safunsa kuti ukutanthauza ziti. Amangolowa m'nyumba, khasu n'kutuluka.

Ndiye mwana uja akamati "borrow me" sakulankhula zopanda mutu. Watenga "ndi" n'kuika "me", watenga "bwereke" n'kuika "borrow", monga momwe anamuuzira mphunzitsi wake wa Sitandade 3 kuti "borrow" ndi kubwereka. Wamvera malamulo a chiyankhulo mokhulupirika kwambiri, kungoti ndi malamulo a chiyankhulo cha amayi ake. Kumutcha mbuli mwana wotere ndi kuonetsa kuti iweyo sunakhalepo pansi n'kuganiza za chiyankhulo chimene umalota nacho usiku.

Za mperekezi ndiye zimachita kuonekeratu. Ife tili ndi "kwa" mmodzi yekha wogwira ntchito ya "to" ndi "from". Ndikupita kwa amalume, ndikuchokera kwa amalume. Ndapereka kwa amalume, ndalandira kwa amalume. "Kwa" sasuntha, amangoloza pamene pali amalumewo, ndipo mneni ndiye amatiuza ngati chinthu chikupita kapena chikubwera. Chingerezi chimanena za ulendo wa khasu kawiri, koyamba mwa mneni, kachiwiri mwa mperekezi. Chichewa, pa mneni uyu wa kubwereka, sichinena n'kamodzi komwe, chimasiyira anthu awiri amene akuonana maso. Mwana akafika pa mphambano imeneyi amangotola mperekezi amene wayandikira, ndiye mumamva "I borrowed it to him" ndi zina zotero.

Tisadzione ngati otembereredwa. Adatchi ali ndi "lenen" wa mbali zonse ziwiri, Chiafrikaans chili ndi "leen", Ajeremani ali ndi "leihen", ndipo abale athu amene ali ku Johannesburg adzakuuzani kuti "borrow me" kumeneko ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku. Ku Minnesota, m'dziko la America, kumene kunakhazikika anthu ambiri ochokera ku Germany ndi ku Scandinavia, amamvekanso. Ngakhale ku Mangalande kwenikweniko kuli madera kumene mwana amafunsa kuti "Can I lend your pen?" pamene akufuna kubwereka, kulakwitsa komweko koma chotembenuza. Akwawo eni chiyankhulo nawonso inki yofiira imawathera.

Pano ndikufuna ndikutengereni ku Kachebere, m'boma la Mchinji, m'malire mwenimweni mwa Malawi ndi Zambia. Ansembe a chipani cha White Fathers anafika kumeneko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Mchinji akutchedwa Fort Manning, Chipata akutchedwa Fort Jameson, ndipo mu 1939 anatsegula seminale yaikulu yosulira ansembe a mbali zonse ziwiri za malire. Patrick Kalilombe wa ku Mua, amene anadzakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972, anadutsa pamenepo. Emmanuel Milingo wa kuvuma kwa Zambia, amene anadzakhala arkiepiskopi wa Lusaka mu 1969, anadutsanso pamenepo. Msonkhano waukulu wa Vatican II wa 1962 mpaka 1965 usanachitike, chiyankhulo cha Misa ndi cha mabuku akuluakulu a m'maseminale chinali Chilatini. Choncho mnyamata wa pa Kachebere ankasenza ziyankhulo zitatu pamutu: Chinyanja cha kwawo, Chingerezi cha boma, Chilatini cha mpingo. Ambiri mwa aphunzitsi akewo Chingerezi sichinali chawo ayi, anali Afalansa, Adatchi ndi a ku Canada olankhula Chifalansa. Wansembe wa Chidatchi, ndi "lenen" wake uja, anayenera kuphunzira "borrow" ndi "lend" ndi thukuta lomwelo limene ankakhetsa wophunzira wake.

Chimene chandikokera ku Kachebere ndi mawu awiri a Chilatini amene mabuku a za chikhalidwe cha Chikhristu a nthawi imeneyo anatengera ku malamulo a Aroma pophunzitsa za mapangano. Oyamba ndi "commodatum": wapatsidwa chinthu kuti ugwiritse ntchito, ndipo udzabweze chomwecho, osati chofanana nacho. Achiwiri ndi "mutuum": wapatsidwa chinthu chimene chimatha ukachigwiritsa ntchito, monga ndalama kapena tirigu, ndipo udzabweza china cha muyeso womwewo. Akatswiri a malamulo a ku Roma anaona kuti amenewa ndi mapangano awiri osiyana, ndipo milandu yake ankaiweruza mosiyana. Tsono taganizani mnyamata wa ku Mchinji atakhala pa desiki, akutuluka thukuta ndi mawu awiriwa, pamene amayi ake kumudzi, osadziwa ndi "A" yemwe, ankawasiyanitsa tsiku lililonse. Khasu, njinga, mtondo, nkhwangwa, suti ya paukwati, izi timabwereka, ndipo zimabwerera zomwezo. Ndalama timakongola, ndipo palibe amene amayembekeza kuti umubwezere pepala lomwe lija anakupatsa. Chimene chimatsala pakati panu ndi ngongole. Kubwereka ndi "commodatum", kukongola ndi "mutuum". Ndipo ife tinapitirira pamenepo: moto timapala, mchere timapempha, ndipo ziwirizi sizibwezedwa. Mngelezi amapita kwa mnzake kukachita "borrow" shuga wa mu tiyi, ngati kuti adzamubwezera akamaliza kumwa.

Ndikudziwa kuti m'tauni timanenanso kuti "tandibwerekeko faifi sauzande, ndikupatsa pakutha pa mwezi". Koma mvetserani chifukwa chake. Mawu akuti ngongole ndi olemera, amanunkha katapila ndi amesenjala a khoti. Wopempha amasankha "kubwereka" kuti ndalamayo imveke ngati khasu, kanthu kongodutsa pakati pa abale. Kumeneko ndi kuchenjera kwa lilime, osati kusadziwa kusiyana kwake.

Choncho chiyankhulo chilichonse chimafunsa funso lake. Chingerezi chimafunsa kuti, kodi chinthuchi chikupita kapena chikubwera? Chichewa, pamodzi ndi maloya a ku Roma, chimafunsa kuti, kodi chidzabwerera chomwechi kapena china? Pa funso lachiwirili Chingerezi ndiye chosauka, chili ndi "borrow" mmodzi wa njinga ndi ndalama zomwe. Sindinamvepo mphunzitsi akuuza ana zimenezi. Amangowauza zimene chiyankhulo chawo chilibe.

Ndipo apa ndi pamene ndikuwaimba mlandu aphunzitsi athu ndi olemba mabuku a sukulu, chifukwa mankhwala a nthendayi ali m'Chichewa momwemo, sanawaone chabe. Pa nkhani ya ndalama Chichewa chimasiyanitsa wopereka ndi wolandira bwino lomwe. Wolandira amakongola, wopereka amakongoza. Palibe Mmalawi, ngakhale wa zaka 8, amene anganene kuti "ndikongoleni" pofuna kunena kuti "ndikongozeni". Banki imakongoza, mlimi amakongola. Ndiye mphunzitsi atangolemba pa bolodi kuti "borrow" ndi kukongola, "lend" ndi kukongoza, n'kuwauza ana kuti Mngelezi amagwiritsa ntchito mawu a ngongole ngakhale pa cholembera, phunzirolo likanatha belu lisanalire. Mwana akafuna kunena kuti "borrow me" akanamva m'khutu mwake kuti akunena "ndikongole", n'kudziseka yekha. Vuto linayamba tsiku limene wina anamasulira "borrow" kuti kubwereka n'kusiyira pomwepo. Pajatu mneni yemweyu wa kukongola ndi amene timayamikira naye namwali, ndipo ife olemba ndakatulo takhala tikudyerapo pa mawu amenewa: wokongola wa nkhope ndi wokongola wa ndalama, onse awiri sagonetsa anthu tulo.

Koma mphunzitsi angachite bwanji zimenezi ngati akuuzidwa kuti Chichewa m'kalasi ya Chingerezi ndi tchimo? Mbiri yathu pa nkhaniyi ndi yokhotakhota. Mu 1968 msonkhano wa Malawi Congress Party unakweza Chichewa pamodzi ndi Chingerezi. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'ziyankhulo za makolo awo. Mu 2014 unduna womwewo unalengeza kuti Chingerezi chiyambire Sitandade 1, potsatira lamulo la zamaphunziro la 2013. Pakati pa zonsezi pali mwambo uja wa m'sukulu zambiri, wa kuveka mwana chikwangwani m'khosi kapena kumutchetchetsa udzu chifukwa wamveka akulankhula "vernacular". Maganizo ake ndi akuti ukatseka chitseko cha Chichewa, Chingerezi chilowera pa zenera. Koma Chichewa sichituluka m'mutu mwa mwana chifukwa cha chikwangwani. Chimangobisala, n'kumayendetsa ziganizo zake za Chingerezi mwakachetechete. "Borrow me" ndi Chichewa chimene chavala jekete. Jack Mapanje, amene ambiri amangomudziwa ngati mlakatuli amene anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991, digiri yake yaukachenjede ku London anaipeza poyerekeza aneni a Chiyao, Chichewa ndi Chingerezi. Sam Mchombo analemba buku lathunthu la kapangidwe ka ziganizo za Chichewa limene linatuluka ku Cambridge mu 2004. Nzeru yoyerekeza ziyankhulo tili nayo m'dziko muno. Siinatsike kuchoka ku yunivesite kufika pa bolodi ya ku Kamwendo.

Tsopano kwa anzanga a "bola tamvana". Kumvana kwake kuli pakamwa, pamene khasu likuoneka ndi maso ndipo aliyense akudziwa mwini wake. Papepala ndi nkhani ina. Tiyerekeze kuti munthu wapatsa mlamu wake ndalama za feteleza, ndipo pofuna kuti zikhale zolongosoka alemba kakalata m'Chingerezi, poti ife timakhulupirira kuti pepala la Chingerezi ndi limene lili ndi mphamvu. Alemba kuti, "I have borrowed my brother-in-law K200,000," onse awiri n'kusaina. M'mutu mwake wanena kuti ndamubwereka mlamu wanga. Koma papepalapo mawu amene aima pafupi ndi dzina lake ndi "borrowed", mawu a munthu wa ngongole. Chaka chikatha, ukwati wa mlongo wake utasokonekera, mlamu uja akakana, pepalalo likafika m'manja mwa munthu amene sanalipo tsiku lija. Ndani anakongola, ndani anakongoza? Woweruza wa Chimalawi mwina amva chimene chinkanenedwa, poti nayenso anakulira m'Chichewa chomwechi, koma wapatsa mdani wako pobisalira, ndipo pepala limene unalemba kuti likuteteze layamba kufuna mboni zolimasulira. M'mabanki a m'khonde, m'magulu a amayi a geni, pakati pa ogulitsa ndi ooda katundu pa malire a Mchinji, timapepala totere timalembedwa. Paja mawu akuti "borrow" anachokera ku mawu akale a Chingerezi akuti "borg", kutanthauza chikole. Kuyambira pachiyambi anali mawu a munthu amene wasiya kanthu kuti akhulupiridwe, osati a mwini chuma.

Onjezerani apo kuti satifiketi ya MSCE siituluka ngati mwana walephera Chingerezi, ngakhale masamu atakhoza bwanji, ndiponso kuti gawo 51 la malamulo oyendetsera dziko lino limafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Mukhoza kudana nazo zimenezi, inenso zina sindigwirizana nazo, koma amene amauza mwana wa mlimi kuti "borrow me" alibe vuto amakhala atatumiza kale ana ake kusukulu kumene amaphunzitsa "lend".

Kumene "borrow me" ali ndi malo ake enieni ndi m'zolembalemba, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti kumeneko ndi kumene timamuthamangitsa. Chinua Achebe ananena kale mu 1965 kuti mlembi wa mu Africa ali ndi ufulu woumba Chingerezi kuti chisenze katundu wa kwawo. Ken Saro-Wiwa mu 1985 anatulutsa Sozaboy, buku lonse lolembedwa m'Chingerezi chimene iye mwini anachitcha chowola, kuti msilikali wake wosaphunzira alankhule ndi mawu akeake. Koma Saro-Wiwa ankadziwa bwino lomwe lamulo lililonse limene ankaswa. Ankasankha. Kusiyana kwa mlembi ndi wolakwitsa kuli pa kusankhako.

Tsono tawerengani nthano zifupizifupi za Chingerezi zimene zimatuluka m'manyuzi athu kumapeto a sabata. Zambiri zinatembenuza zinthu. Wa kabaza pa Mchinji boma, munthu amene anasiyira sukulu Sitandade 6, akafuna pampu kwa mnzake amayankhula ngati loya wa ku London: "Would you kindly lend me your pump?" Mlembi waopa kuti akamulankhulitsa monga amalankhulira, owerenga aganiza kuti mlembiyo ndiye sadziwa Chingerezi. Kapena mlembi analemba bwino, mkonzi n'kudzamukonzera ndi inki yake yofiira ija. Wa kabazayo wafa pamenepo, watsala ndi chidole chovala mawu a eni ake. Ndiye mizere iwiri pansi pake, pamene akulankhula ndi mlembi mwini, m'mawu amene amayenera kukhala oyera, mupeza kuti anthu a m'nthanoyo "discussed about the matter", poti ife timakambirana za nkhani ndipo "za" ameneyo wakana kutsala. Mupeza "requested for", mupeza "cope up with". Mkonzi uja izi sanazione. Anali kalikiliki kuphunzitsa wa kabaza Chingerezi cha Mfumukazi.